Mayendedwe a anthu ambiri ku Malawi poyerekeza ndi mayiko ena

Mayendedwe a anthu ambiri ndi njira zonse zimene munthu amayendera polipira ndalama, osati pa galimoto yakeyake. Njirazi ndi monga basi, minibasi, matola, sitima yapamtunda, sitima yapamadzi ndi kabaza. Ku Malawi mabanja ambiri alibe galimoto, choncho ulendo wa kuchipatala, kumsika, kusukulu kapena kumaliro umadalira njira zimenezi. Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'dzikoli muli anthu pafupifupi 17.5 miliyoni, ndipo oposa 80 mwa anthu 100 alionse amakhala kumudzi.

Nkhaniyi ikuyerekeza mayendedwe a ku Malawi ndi a m'mayiko ena, makamaka pa sitima yapamtunda, potengera chitsanzo cha Mayani m'boma la Dedza. Mayiko amasiyana kwambiri pa liwiro la sitima zawo, koma kusiyana kumene munthu wakumudzi amakumana nako tsiku ndi tsiku n'kwina: ngati akudziwa nthawi imene galimoto inyamuke, komanso ngati pali chomufikitsa pa msewu waukulu kapena pa siteshoni.

Zimene zimayang'anidwa poyerekeza

Pofuna kudziwa ngati mayendedwe a dziko ali bwino, kawirikawiri amayang'ana zinthu zisanu. Choyamba ndi kufikirika, kutanthauza mtunda umene munthu amayenda kuchoka pakhomo kukafika pokwerera. Chachiwiri ndi kudalirika, ngati galimoto ili ndi nthawi yodziwika yonyamukira ndipo imaisunga. Chachitatu ndi mtengo poyerekeza ndi ndalama zimene munthu wamba amapeza. Chachinayi ndi chitetezo cha okwera. Chachisanu ndi kulumikizana, ngati wotsika basi amapeza sitima kapena basi ina popanda kugona panjira.

Dziko likhoza kuchita bwino pa chimodzi n'kulephera pa china. Minibasi za ku Malawi, mwachitsanzo, zimapezeka mosavuta pa misewu ikuluikulu ndipo zimaima paliponse pamene munthu wakweza dzanja, koma zilibe nthawi yonyamukira.

Ulendo wochokera ku Mayani

Mayani ndi malo ochitira malonda kumpoto kwa tawuni ya Dedza, m'dera la Mfumu Yaikulu Tambala. Ali kumapiri, kum'mawa kwa msewu wa M1 umene umalumikiza Lilongwe ndi Blantyre kudzera ku Linthipe, Dedza ndi Ntcheu. Boma la Dedza lili ndi anthu oposa 800,000 ndipo ambiri ndi alimi a chimanga, nyemba, soya, mtedza ndi mbatata ya kachewere.

Ulendo wa munthu wa kudera lino umakhala wa zigawo. Amayamba wapansi kapena pa kabaza kuchoka kumudzi kukafika pamsika. Kuchoka apo amakwera galimoto yaing'ono, minibasi kapena lole ya matola yokafika pa M1 kapena pa boma. Akafika pa msewu waukulu m'pamene amapeza minibasi ndi mabasi opita ku Lilongwe, womwe uli pa mtunda wa makilomita pafupifupi 85 kuchokera m'tawuni ya Dedza, kapena opita kumwera. Chigawo chilichonse chili ndi mtengo wake, ndipo thumba la nyemba kapena la feteleza limalipiridwa palokha. Misewu yambiri ya m'midzi ndi yafumbi. M'dzinja imaterera ndi kukumbika, magalimoto amachepa, ndipo akabaza amakweza mtengo. Nthawi zambiri chigawo chachifupi chakumudzichi chimadya ndalama zambiri pa kilomita iliyonse kuposa ulendo wautali wa pa phula.

Njanji imadutsa m'boma la Dedza, koma kumunsi kwa mapiri, kuchigwa cha kunyanja, ku Golomoti ndi Mtakataka. Tawuni ya Dedza ili pamalo okwera mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene chigwacho chili pa mamita pafupifupi 500. Wofuna kutsikira kumeneko pa galimoto amadzera msewu wokhotakhota wa Khwekhwelere, wochoka pa Masasa kukafika ku Golomoti. Ngakhale atafika, sapezako sitima yonyamula anthu yoyenda mokhazikika, chifukwa njanji ya chigawo chapakati masiku ano imagwira ntchito yonyamula katundu. Choncho kwa anthu a ku Mayani mayendedwe onse ndi a pamsewu.

Mbiri ya njanji ku Malawi

Njanji yoyamba, ya kampani ya Shire Highlands Railway, inatsegulidwa mu 1908 pakati pa Port Herald, komwe lero ndi ku Nsanje, ndi Blantyre. Inamangidwa chifukwa madzi a mtsinje wa Shire ankachepa ndipo sitima zapamadzi zinkalephera kunyamula katundu wa azungu a minda ikuluikulu. Pofika 1915 njanjiyi inali itafika ku Chindio m'mbali mwa Zambezi, ndipo mu 1922 njanji ya Trans-Zambezia yochokera ku Beira inafika tsidya lina la mtsinjewo. Mlatho wa Dona Ana, wotalika makilomita oposa 3.5, unalumikiza mbali ziwirizi mu 1935. Chaka chomwecho njanji yochoka ku Blantyre inafika ku Salima kudzera ku Balaka, Golomoti ndi Chipoka. Ngongole za njanji ya Trans-Zambezia ndi mlathowu zinalemetsa boma la Nyasaland kwa zaka zambiri.

Dziko litalandira ufulu, boma la Dr Hastings Kamuzu Banda linamanga njanji yochoka pa Nkaya kukafika ku Nayuchi, yomwe inatsegulidwa mu 1970 n'kulumikiza Malawi ndi doko la Nacala. Mothandizidwa ndi dziko la Canada, njanji inachoka ku Salima n'kufika ku Lilongwe mu 1979, kenako ku Mchinji mu 1980. Nkhondo yapachiweniweni ya ku Mozambique, ya pakati pa 1977 ndi 1992, inatseka njira zonse ziwiri za ku Beira ndi ku Nacala, ndipo katundu wambiri anasamukira pa malole. Mu 1997 madzi osefukira anadula njanji ku Chiromo, moti sitima zinaleka kufika ku Bangula ndi Nsanje. Mu 1999 boma linapereka ntchito ya Malawi Railways m'manja mwa kampani ya Central East African Railways, yodziwika kuti CEAR.

Njanji yatsopano kwambiri ndi imene kampani ya Vale ya ku Brazil inamanga kuchokera ku migodi ya malasha ya ku Moatize, m'chigawo cha Tete, kudutsa kumwera kwa Malawi mpaka pa Nkaya, kenako ku Nacala. Njira yonseyi ndi yotalika makilomita 912 ndipo inatsegulidwa mwamwambo mu 2017. Njanji zonse za ku Malawi ndi zotakata mamilimita 1,067, mofanana ndi za ku Mozambique, Zambia, Zimbabwe ndi South Africa.

Mbiriyi ikuonetsa kuti pafupifupi njanji iliyonse inamangidwa pofuna kufikitsa katundu kudoko: tiyi, fodya, thonje, shuga, kenako malasha. Omanga anatsata zigwa kumene kumanga kunali kotsika mtengo, n'kulambalala mapiri a Dedza ndi Ntcheu kumene kumakhala anthu ambiri. Chigawo chakumpoto chilibe njanji. Ngakhale pakati pa Blantyre ndi Lilongwe, njanji imazungulira ku Salima, pamene msewu wa M1 kudzera ku Zalewa ndi wachidule, wa makilomita oposa 300 pang'ono.

Sitima yonyamula anthu masiku ano

Sitima yonyamula anthu imayenda makamaka kumwera, pakati pa Limbe, Balaka ndi Nayuchi, ndipo siyenda tsiku lililonse. Imayenda pang'onopang'ono ndipo imaima pa masiteshoni ang'onoang'ono ambiri. Njanjiyi ndi ya mzere umodzi, choncho sitima zimadikirana pa malo opatukirana. Komabe anthu a m'midzi ya m'mbali mwa njanji, makamaka ku Machinga, amaidalira chifukwa ndi yotsika mtengo kuposa minibasi, imanyamula katundu wambiri, ndipo imafika kumene misewu ndi yovuta. Pa masiteshoni pamakhala msika wa nthochi, nzimbe, mpunga ndi nsomba tsiku la sitima.

Panyanja ya Malawi pali sitima ya Ilala, yomwe inayamba kuyenda mu 1951. Anthu a pa zilumba za Likoma ndi Chizumulu amaidalira kwambiri.

Mabasi, minibasi ndi kabaza

Kale mabasi a kampani imodzi ndiwo ankayenda m'dziko lonse, kuphatikizapo m'misewu ina yafumbi ya kumidzi, ndipo anali ndi nthawi zolembedwa. Kampaniyi inali United Transport Malawi, yomwe anthu ankaitchula kuti UTM. Mu 1989 inagulidwa ndi kampani ya Stagecoach ya ku Scotland, kenako inasanduka Shire Bus Lines, yomwe inatsekedwa mu 2007. Malonda atamasulidwa m'zaka za m'ma 1990, minibasi za anthu wamba zinachuluka n'kutenga okwera ambiri.

Lero pali magulu atatu. Mabasi akuluakulu a makampani ngati AXA, Sososo ndi Kwezy amanyamuka pa nthawi yake pakati pa Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu, ndipo wokwera amagula tikiti ya mpando wake, koma mtengo ndi wokwera ndipo saima m'masiteji ang'onoang'ono. Minibasi ndi mabasi a m'madepoti, monga pa Wenela ku Blantyre, amanyamuka akadzaza. Kumidzi kuli matola ndi kabaza wa njinga yakapalasa kapena yamoto.

Chifukwa chimene minibasi imadikira kudzaza ndi cha ndalama. Mwini galimoto amauza dalaivala ndi kondakitala ndalama yoti abweretse pa tsiku, ndipo mafuta ndi malipiro a oitanira zimachokera m'ndalama za okwera omwewo. Palibe thandizo la boma, choncho kunyamuka ndi mipando yopanda anthu n'kuluza. N'chifukwa chake ena amapakira anthu anayi pa mpando wa anthu atatu ngakhale malamulo amaletsa, ndiponso amathamangitsana polimbirana okwera. Mtengo nawo umatsata mafuta. Ndalama ya kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo ya mafuta ndi ya maulendo inakwera, ndipo mafuta akasowa m'dziko mtengo wa ulendo umatha kusintha tsiku lomwelo.

Mozambique

Dziko la Mozambique lili m'malire ndi boma la Dedza. Anthu amawoloka pa chipata cha Dedza kupita ku Ulónguè m'boma la Angónia, komwe anthu ambiri amalankhula Chichewa. Ku Angónia nakonso kulibe njanji, ndipo anthu amayenda pa minibasi zotchedwa chapa ndi pa malole, mofanana ndi ku Mayani. Kusiyana kuli pa maulendo ataliatali. Sitima yonyamula anthu imayenda pakati pa Nampula ndi Cuamba, mtunda wa makilomita pafupifupi 350, ndipo njanji ya Cuamba kukafika ku Lichinga m'chigawo cha Niassa inatsegulidwanso mu 2016 itakonzedwa. Palinso sitima ya anthu pakati pa Beira ndi Moatize. Njanji ya ku Cuamba ndi yomweyo imene imalowa m'Malawi pa Entre Lagos, moyang'anizana ndi Nayuchi.

Zambia

Ku Zambia kuli njanji ziwiri zikuluzikulu. Ya Zambia Railways imachoka ku Livingstone kudzera ku Lusaka mpaka ku migodi ya ku Kitwe. Ya TAZARA, yotalika makilomita 1,860, inamangidwa mothandizidwa ndi dziko la China pakati pa 1970 ndi 1975 ndipo imalumikiza Kapiri Mposhi ndi Dar es Salaam. Ulendo wa pa TAZARA umatenga masiku awiri ngati zonse zayenda bwino, koma sitimayi imadziwika ndi kuchedwa chifukwa cha kukalamba kwa njanji ndi mainjini.

Chigawo chakum'mawa, komwe kuli Achewa ndi Angoni ambiri, chikufanana ndi chigawo chapakati cha Malawi. Njanji yochokera ku Mchinji inafika ku Chipata mu 2010, koma sinalumikizane ndi njanji zina za Zambia. Wopita ku Lusaka amakwera basi pa msewu wa Great East Road, mtunda woposa makilomita 550, kuwoloka mtsinje wa Luangwa. Mabasi ambiri a pa msewuwu ali ndi nthawi yonyamukira. Mu 2016 boma la Zambia linaletsa mabasi ataliatali kuyenda usiku pofuna kuchepetsa ngozi.

Tanzania ndi Kenya

Mwa mayiko oyandikana ndi Malawi, Tanzania ndiyo yasintha kwambiri. Mu 2024 inatsegula njanji yatsopano yamagetsi, yotakata mamilimita 1,435, kuchokera ku Dar es Salaam kukafika ku Morogoro ndi Dodoma. Sitima zake zinakonzedwa kuti zizithamanga mpaka makilomita 160 pa ola, ndipo ulendo wa ku Dodoma umatenga maola osakwana anayi, pamene pa basi umaposa maola asanu ndi atatu. Mumzinda wa Dar es Salaam munayamba kuyenda mabasi a msewu wawowawo mu 2016, omwe anthu amawatcha mwendokasi. Mabasiwa sakodwa mumdipiti wa magalimoto ena, koma amadzaza kwambiri m'mawa ndi madzulo.

Ku Kenya sitima ya Madaraka Express inayamba kuyenda pakati pa Mombasa ndi Nairobi mu 2017, pa njanji ya makilomita pafupifupi 470 yomangidwa ndi ngongole yochokera ku China. Sitimayi imasunga nthawi ndipo matikiti amagulidwa pa foni, koma ngongoleyo yakhala nkhani yaikulu m'dzikomo. M'mayiko onse awiriwa anthu akumidzi akadali kudalira minibasi, zomwe ku Tanzania amati daladala ndipo ku Kenya amati matatu, komanso njinga zamoto.

South Africa

Amalawi ambiri opita ku South Africa amayenda pa basi kudzera ku Tete, Harare ndi Beitbridge, ulendo wa masiku awiri kapena kuposa, n'kukatsikira ku Johannesburg. Kumeneko amapeza mayendedwe a mitundu iwiri yosiyana kwambiri. Sitima ya Gautrain, yomwe inayamba mu 2010, imalumikiza Johannesburg, Pretoria ndi bwalo la ndege la OR Tambo pa njanji ya makilomita 80. Ndi yachangu ndi yosunga nthawi, koma ndi yodula kwa wogwira ntchito zapakhomo kapena zaulonda. Sitima zotsika mtengo za Metrorail zinawonongeka kwambiri mu 2020, pamene mbava zinaba nthambo zamagetsi ndi zitsulo za m'masiteshoni nthawi ya mliri wa Covid-19, ndipo njanji zambiri zachita kukonzedwanso. Anthu ambiri apantchito amayenda pa minibasi zomwe kumeneko amazitcha matekisi, ndipo nazonso zimanyamuka zikadzaza.

Mayiko akutali

Dziko la Japan linatsegula sitima yothamanga ya Shinkansen mu 1964 pakati pa Tokyo ndi Osaka. Kuyambira nthawiyo palibe wokwera amene anafapo chifukwa cha kugundana kapena kugwa kwa sitimazi, ndipo zikachedwa nthawi zambiri ndi kwa mphindi imodzi kapena ziwiri. China ili ndi njanji za sitima zothamanga zoposa makilomita 40,000. Ku India sitima zambiri si zothamanga ndipo zimadzaza, koma ndi zotsika mtengo ndipo zimanyamula anthu pafupifupi 20 miliyoni pa tsiku. Mu Africa sitima yothamanga kwambiri ndi Al Boraq ya ku Morocco, yomwe inayamba mu 2018 ndipo imafika makilomita 320 pa ola.

Chitsanzo choyandikira vuto la Mayani ndi Switzerland, dziko lamapiri lomwe ndi laling'ono kuposa Malawi. Kuyambira 1982 sitima zake zimanyamuka pa mphindi zofanana ola lililonse, ndipo zimakumana pa masiteshoni akuluakulu nthawi imodzi kuti wokwera asinthe mosavuta. Midzi ya m'mapiri kumene njanji sinafike imatumikiridwa ndi mabasi achikasu a kampani ya positi, omwe nthawi zawo zinalumikizidwa ndi za sitima, ndipo tikiti imodzi imagwira ntchito pa zonse. Mabasi ambiri otere sapanga phindu. Boma lalikulu ndi maboma a zigawo amalipira ndalama yotsalayo kuti basi inyamuke pa nthawi yake ngakhale muli anthu ochepa.

Zifukwa za kusiyana

Chifukwa choyamba ndi ndalama. M'mayiko ambiri sitima ndi mabasi akumidzi zimayenda ndi thandizo la msonkho, pamene ku Malawi wokwera ndiye amalipira pafupifupi zonse. Chachiwiri ndi cholinga chimene njanji inamangidwira, chomwe chinali katundu wopita kudoko. Chachitatu ndi kusamalira. Njanji ya mzere umodzi ikaduka pa mlatho umodzi, monga zinachitikira ku Chiromo mu 1997 ndi pa mtsinje wa Rivirivi mu 2003, dera lonse limakhala lopanda sitima kwa zaka. Chachinayi ndi kusowa kwa nyanja yamchere: mafuta, matayala ndi zipangizo za galimoto zimachokera kunja kudzera m'madoko a mayiko ena, ndipo mtengo wake umakathera kwa wokwera.

Poyerekeza ndi mayiko oyandikana nawo, Malawi ali m'mbuyo pa sitima yonyamula anthu. Pa mabasi a pakati pa mizinda sakusiyana kwambiri ndi Zambia, ndipo pa mayendedwe akumidzi akufanana ndi Angónia ndi chigawo chakum'mawa cha Zambia.

Zimene zikuchitika masiku ano

Ntchito zatsopano za njanji zikuyang'ana kwambiri katundu. Mu 2022 boma linayamba kukonza njanji ya pakati pa Marka ndi Bangula m'boma la Nsanje kuti dziko lilumikizanenso ndi doko la Beira. Mu 2024 sitima yonyamula mafuta kuchokera ku Nacala inafika ku Lilongwe patapita zaka zoposa 20, ndipo inadutsa pa njanji ya ku Golomoti ndi Mtakataka. Kunyamula mafuta ndi feteleza pa njanji kumachepetsa malole olemera pa M1, omwe amawononga msewu, ndipo kungathandize pa mtengo wa katunduyo.

Kwa anthu a ku Mayani ndi madera ena a m'mapiri a Dedza, sitima ingawapindulire kudzera mu mtengo wa mafuta ndi feteleza, osati ngati chokwera. Zimene zingasinthe ulendo wawo ndi misewu yodutsika m'dzinja, milatho yolimba pa mitsinje ing'onoing'ono, ndi magalimoto a nthawi yodziwika olumikiza misika ya kumidzi ndi msewu wa M1.